Sinathe, Dikira

Belu la buleki litalira, kalasi yonse inakhamukira panja. Namakutu anatsala pa desiki yake monga mwa masiku onse. Anatulutsa m'chikwama foni yakale yong'aluka galasi, n'kulowetsa mahedifoni m'makutu. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake chifukwa cha mahedifoniwo, ndipo iye ankanamizira kuti silimupweteka.

Foniyo anamusiyira ndi mkulu wake popita kukagwira ntchito kutali. Munali nyimbo za roko, koma osati zija zongosokosera. Izi zinali zazitali, zokhotakhota. Imene ankaikonda kwambiri inkayamba ndi piyano yokha, kenako ng'oma n'kulowa motsimphina, gitala n'kuyamba kukangana nazo. Pakati pa zonsezi mayi wina ankaimba motsitsa ngati munthu wodziyankhulira akutsuka mbale. Mawu ake Namakutu sankawamvetsa onse, koma anali wotsimikiza kuti mayiyo nayenso anasiyidwa ndi winawake. Ndiye pakati penipeni, zonse zinkangoti zii. Chete ameneyu ankatalika mpaka munthu kuganiza kuti batire latha. Zikatero mayi uja ankabwereranso, ulendo uno ndi mawu ake onse, moti thupi linkachita tsemwe.

Kale ankamvera awiri ndi mkulu wake, aliyense khutu limodzi. Chichokereni iye, Namakutu anayesapo kubwereka anzake mbali imodzi ya mahedifoni.

"Iyi ndi nyimbo kapena ulaliki?" anafunsa wina. "Nanga tivina bwanji? Mwendo uthyoka."

Amene anapirira mpaka pa chete paja ankavula n'kunena kuti, "Yatha eti? Zikomo." Palibe ndi mmodzi yemwe anamvapo mayi uja akubwerera. Namakutu anawataya onse. Mumtima ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kalasi imeneyi wodekha anali iye yekha. Kunyada kumeneku sikunkamuthetsera kusungulumwa.

Pa desiki ankakhala ndi mtsikana wachibwibwi amene anzake ankamutcha Ndindi. Nayenso sankatuluka pa buleki. Nthawi zambiri ankatembenuka n'kuyamba kuti, "Ndi... ndi... ndi..."

"Ukufuna labala? Nayu," Namakutu ankamudula, n'kubwezera hedifoni m'khutu. Tsiku lina inkakhala rula, tsiku lina cholembera. Iye ankaona ngati akumuthandiza.

Tsiku limeneli Ndindi sanatembenuke. Ankalongedza mabuku ake m'chikwama. Namakutu anatseka maso, nyimbo n'kumapita. Piyano inadutsa, ng'oma zinatsimphina, kenako zii.

M'chete mmenemo anamva mawu. Anali Ndindi, akuyankhula chapansipansi poganiza kuti mnzakeyo sakumva kanthu.

"Ndi... ndimafuna ku... kukufunsa za mayi amaimbayo," ankatero. Anaima, n'kupuma, n'kuyambanso. "Ndimamumva pa... pang'ono zikamatulukira m'mahedifoni akowo. A... akakhala chete ndimadziwa kuti a... abweranso. Ndimadikira."

Namakutu sanatsegule maso.

"Aphunzitsi a... andilola kukakhala kumbuyo. Nda... ndatopa kupatsidwa labala. Ndili naye wanga."

Aka kanali koyamba Namakutu kumva mtsikanayu akumaliza zimene akufuna kunena, ndipo anamaliza chifukwa panalibe womudula. Nthawi yomweyo mayi uja anabwerera m'makutu mwake ndi mawu onse. Koma tsemwe lija silinabwere. Chimene chinabwera ndi manyazi, otentha kuyambira m'khosi mpaka kumaso. Temu yonse ankanyoza anthu osadikira, kumachita kuwaponyera ndi mwambi, pamene munthu mmodzi wodziwa kudikira anali pambali pake penipeni.

Atatsegula maso, Ndindi anali atafika kale pa desiki yakumbuyo, pafupi ndi matsache. Namakutu anaimitsa nyimbo, n'kumutsatira.

"Ndamva zonse," anatero. "Nyimbo inali pa chete paja."

Ndindi anagwira chikwama chake mwamphamvu, maso pansi.

"Pepa, mnzanga. Ndakhala ndikukulowa m'kamwa." Namakutu anapukuta hedifoni imodzi pa malaya ake n'kumupatsa. "Iyi ndi mbali ya akulu anga. Tiyambire poyamba?"

Ndindi sanailandire msanga. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana mwini wake, kenako anasendera pang'ono pa benchi. Anamvera limodzi, mitu itayandikana chifukwa chingwe chinali chachifupi. Pa chete paja Ndindi sanavule. Anangokweza chala m'mwamba, ndipo mayi uja atabwerera anatseka maso n'kumwetulira.

Belu linalira. Panja phokoso linayamba kuyandikira.

"Dzina lako lenileni ndani?" anafunsa Namakutu. "Sindifuna kumakutcha lija."

Mtsikanayo anatsegula pakamwa. Milomo inanjenjemera, mawu n'kukana kutuluka. Anzawo anayamba kulowa, kukoka mabenchi, wina n'kukuwa kuti Namakutu wasamukira kumatsache. Lilime la Namakutu linayabwa kuti amuthandize, poti dzinalo analionapo pa chikuto cha buku. Analuma mlomo wake.

Dzinalo linachedwa kubwera. Namakutu anadikira.