Ndiwerengereni Zikwangwani

Anakumana pa siteji ya basi, m'mawa wina kukuzizira.

Ahedi anali atapuma pa ntchito yawo ya mphunzitsi wamkulu, koma dzina la Ahedi linawakanirira. Adokotala anali atawauza kuti matenda awo a shuga akufuna munthu woyendayenda. Ndiye m'mawa uliwonse ankaliza kagalimoto kawo koyera mpaka patsinde pa phiri lina kunja kwa tauni, kukaimika pansi pa mtengo, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono.

Tsiku limenelo anaona bambo wina woonda ataima pa siteji, ndodo m'manja, nsapato zansalu kuphazi. Nkhope yawo sinali yachilendo. Ankawaona kuphiri kuja akupumira pamwala.

"Bambo, ngati ulendowu ndi wakuphiri, kwerani," anatero Ahedi atatsitsa galasi.

"Mayi, mwandiombola! Basi ija ndikuona ngati nayonso inapuma pa ntchito."

Bambowo anali Atelala. Moyo wawo wonse anakhala pa makina osokera, mpaka msana unapindika, miyendo n'kuyamba kutupa. Akazi awo anamwalira kalekale, monganso amuna a Ahedi. Chiwongolero sanachigwirepo chibadwire, ndipo galimoto ankaiopa zenizeni. Ikangothamanga pang'ono, ankakakamira mpando ndi manja onse awiri.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Atelala thupi analibe, koma pakamwa pokha Mulungu sanawamane. Mwezi usanathe, foni ya Ahedi inayamba kulira mbandakucha.

"Silika wanga, mwadzuka? Nsalu ndagwira zambirimbiri, koma yofewa ngati mtima wanu sindinaionepo."

Ahedi, mayi amene ana asukulu ankathawa akangomva nsapato zawo pakhonde, ankaseka okha m'khitchini ngati kamtsikana.

"Kasingano kanga, siyani bodza. Valani nsapato, ndikubwera."

Tsiku lina ali pamwamba pa phiri, onse awiri ali wefuwefu, Atelala anawagwira dzanja.

"Ndikulonjeza, malinga ngati miyendo iyi ikuyenda, phiri ili simudzalikweranso nokha."

Ahedi anamwetulira, koma mtima unawagunda ndi mantha. Anali ndi chinsinsi chimene sanauzepo munthu.

Maso awo ankafa. Chimene chinali patsogolo penipeni ankachiona bwinobwino, ngakhale timalemba ta pafoni. Koma m'mbali monse munkalowa mdima, ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi. Adokotala a maso anali atanena mosapita m'mbali.

"Mayi, mankhwala odontheza awa angochedwetsa, sachiritsa. Galimoto muisiye. Tsiku lina mudzapha munthu."

Aisiye bwanji? Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala ku tauni ina yakutali, anali atanena kale kuti, "Amayi, tsiku limene mudzalephere kudziyendera, ndidzabwera kudzakutengani. Chipinda chanu n'chokonzakonza." Kusiya galimoto kunali kusiya nyumba yawo, kusiya phiri, kusiya Atelala. Munthu wapeza chikondi tsitsi litayera kale, achitayenso ndi manja ake?

Ndiye Ahedi anapeka kamasewero.

"Kasingano kanga, mawu anu amandikomera. Tikamayenda chonchi, muzindiwerengera zikwangwani. Muzindiuza chilichonse chimene mukuona m'mbali mwa msewumu."

Atelala anakondwa ngati apatsidwa mendulo. Maso awo anali akuthwa, ulusi ankaulowetsabe m'singano popanda magalasi.

"Kumanzere, bambo wa njinga, malaya ake kolala anaisoka mokhota. Kumanja, galu waulesi akufuna kuwoloka. Kutsogoloku, chikwangwani chikuti chepetsani liwiro. Pambali panga, mayi wokongola kuposa onse!"

Iwo ankaona ngati akusangalatsa wokondedwa. Sankadziwa kuti ndiwo anali maso a galimotoyo.

Ahedi ankaseka nawo, manja ali thukuta lokhalokha pa chiwongolero. Akawatsitsa Atelala pa siteji, kamtunda kotsalako kufika kunyumba ankayenda akupemphera chamumtima. Tsiku lina anakhula geti yawo yomwe. Tsiku lina lole inangotulukira pambali pawo ili hutala pipiii, osaiona kumene yachokera. Atafika pakhomo anakhala m'galimoto nthawi yaitali.

"Mawa ndiwauza," ankatero okha.

Koma mawa likafika, foni inkalira.

"Silika wanga, ndakulotani mukuthamanga pa phiri, ine ndikukutsatirani ndi ndodo yanga. Musandisiye kumbuyo!"

Uthenga wotere n'kuuyankha kuti ndikuchita khungu? Ahedi ankangopukuta misozi n'kutenga makiyi.

Tsoka silinunkha. M'mawa wina akuchokera kuphiri, kamvula kakuwaza, Atelala anawerama kuti amange chingwe cha nsapato. Kanali kanthawi kochepa chabe. Msewu unali wotsetsereka, ndipo m'galimoto munali zii.

Atadzutsa mutu anakuwa.

"Imani! Imani! Munthu!"

Ahedi anaponda mabuleki ndi mphamvu zawo zonse. Matayala analira. Kumanzere kunamveka phwaa! Galasi la pambali linathyoka, ambulera yofiira inauluka n'kugwera pakati pa msewu. Kenaka kunamveka kulira kwa khanda.

Ahedi anauma gwa. Sanatsike.

"Ndapha," ananong'ona. "Mayo ine, ndapha mwana!"

Atelala ndiwo anatuluka, ndodo kuiiwala. Mayi wina wachitsikana anali khale m'matope m'mphepete mwa msewu, akumasula mwana kumbuyo. Anam'gwiragwira mutu, timikono, timiyendo. Mwanayo analibe bala, kunali kudzidzimuka chabe. Galasi lija linamenya ambulera, mayiyo n'kugwa chokhala, chigongono chokha ndiye chinasupuka.

"Simukuona kodi?" anakuwa mayiyo akulira. "Msewu wonsewu, simukuona?"

Anthu anasonkhana. Wina wa galimoto anadzipereka kuwatengera mayiyo ndi mwana kuchipatala kuti akawaone bwino. Ena analankhula zawo, kenaka anabalalika.

Atelala anabwerera m'galimoto, zovala zitanyowa. Sanatseke chitseko.

"Mayi uja anali pompa," anatero motsitsa mawu. "Ambulera yofiira, kunja kukuwala chonchi. Simunamuone?"

Ahedi anaweramitsa mutu.

"Ndikufunsa, simunamuone?"

"Sindinamuone." Mawu anatuluka mong'ambika. "M'mbali sindiona. Adokotala anandiletsa kuyendetsa, tisanakumane n'komwe."

"Tisanakumane?" Atelala anawayang'ana ngati akuona mlendo. "Ndiye zikwangwani zija? Mawu anga okoma aja?"

"Ndinkaopa kukutayani, Kasingano kanga."

"Musanditchule choncho! Ine kumaimba ngati chitsiru, osadziwa kuti moyo wa ana a eni uli pakamwa panga? Ndikanachedwa kudzutsa mutu, bwenzi pano tikunena chiyani? Mukanandiuza, mayi. Mukanangondiuza!"

Anatenga ndodo yawo n'kuyamba kutsika msewu wapansi, mvula ikuwanyowetsa. Sanacheuke. Ahedi anawayang'ana mpaka analowa mu mdima wa m'mbali uja. Galimoto anadzaitenga ndi aneba awo madzulo ake, iwo atakhala ku mpando wakumbuyo.

Kuchipatala anati mwana ali bwino. Koma Ahedi tulo tinawathawa. Akangotseka maso ankamva kulira kuja. Anawalembera Atelala uthenga.

"Ndinalakwa. Makiyi ndasiya. Ndikhululukireni."

Yankho silinabwere. Analembanso.

"Ngakhale kundinyoza kokha, ndiyankheni."

Foni inangokhala duu patebulo. Masabata anadutsa. Ahedi ankayenda pabwalo la nyumba yawo, kuzungulira chingwe choyanikira zovala, dzanja lili pakhoma. Ankaopa khungu limene linkabwera, koma chimene ankaopa kwambiri n'chakuti lidzawapeza ali okha. Pomaliza anaimbira mwana wawo n'kumuuza zonse.

"Amayi! Bwanji osanena?" Mwanayo analira pafoni. "Yambani kulongedza. Mwezi ukatha ndikubwera."

Analongedza. Mbale m'makatoni, mabuku m'makatoni, zithunzi za pakhoma anazikulunga m'nyuzipepala. Nyumba inayamba kumveka ngati kalasi ana ataweruka.

Kutatsala masiku ochepa, m'mawa wina, anamva galimoto kunja kwa geti. Inalira, inadumpha, inazima. Inaliranso mokalipa, inadumphanso, n'kuzima. Kenaka hutala inalira mwangozi, galu wa aneba n'kuyamba kuuwa.

Mtima wa Ahedi unapita m'mwamba. Mwana wawo wafika msanga? Kapena ndi apolisi, za ngozi ija? Anatsegula geti n'kutembenuza mutu uku ndi uku kuti aone bwino.

Inali galimoto ya sukulu yophunzitsa kuyendetsa, chilembo chofiira cha L chili kutsogolo. Pampando wa pambali panali mayi wojintcha, mphunzitsi wake, atagwira mutu ngati ali pamaliro. Pa chiwongolero panali Atelala, malaya ali nyowe ndi thukuta, zala zitauma pa chiwongolero.

"Mayi, bambo awa ndi anu?" anafunsa mphunzitsiyo. "Pa ntchito yanga yonse sindinaonepo wophunzira wamantha chonchi. Kilatchi amaipalasa ngati makina osokera. Koma kujomba sajomba, ndipo chilichonse pamsewu amachiona. Laisensi adzaitenga, ine ndikadzakhala ndisanafe ndi mtima."

Atelala anatsika movutikira, akugwira chitseko.

"Ndikadali wokwiya," anatero. "Mwana uja ndimamulotabe."

"Inenso," anayankha Ahedi, misozi ili chuchuchu.

"Mauthenga anu ndinawaona. Ndikanayankha nthawi ija, ndikanang'amba posasokeka. Ndiye ndinati ndiyambe ndaphunzira chimene ndimachiopa." Anasuzumira m'nyumba n'kuona makatoni. "Kodi awa ndi a chiyani?"

"Mwana wanga akubwera kudzanditenga."

Nkhope ya Atelala inasintha. Anayesa kugwada, bondo linalira, anangotsamira galimoto.

"Silika wanga, musapite. Muimbireni mwanayo, mumuuze kuti abwere ndithu, koma adzaone bambo amene akufuna kukwatira amayi ake. Chiwongolero simudzachigwiranso, chimenecho mundilonjeze pano."

"Ndalonjeza. Koma mukudziwa chimene mukutenga? Mdimawu sukubwerera. Tsiku lina nkhope yanu yomweyi sindidzaiona."

"Apo ndiye mwapindula, nkhope yake iti?"

Ahedi anaseka akulira, n'kuwagwira dzanja. 

"Nthawi yanga ikutha," anatero mphunzitsi uja. "Ngati mayiwa akukwera, akwere. Bambowa akuti lero akufuna msewu wa kuphiri."

Ahedi anakhala kumbuyo n'kumanga lamba mothina. Atelala anapukuta manja pa thalauza, anapumira m'mwamba, n'kuliza galimoto. Inadumpha, koma ulendo uno sinazime.

"Mukuopa?" anafunsa Ahedi.

"Ndikufa nawo mantha."

"Inenso. Tiyeni."