Kabokosi Koyenda Usiku

Chinthu choyamba chimene a Mapulani anaona chinali fumbi. Kabokosi ka intaneti kamene kankakhala pashelefu mumpita kanali katasuntha, moti pambali pake panatsala malo oyera ngati pamene pachotsedwa kapu. Anakakankhira pamalo pake n'kupita kukasamba.

Dzina loti a Mapulani anawapatsa ndi anansi, chifukwa ankajambula mapulani a nyumba pakompyuta n'kumatumiza kwa omanga. Ankagwirira pakhomo, makamaka usiku kunja kukati zii. Nyumbayo inali yaitali, ya makoma ochindikala, choncho anagula tibokosi topatsirana netiweki: kena pabalaza, kena mumpita, kena kuchipinda chogona. Tinkagwira bwino mpaka mwezi umene mvula inayamba.

Masana zonse zinali myaa. Koma anthu akangogona, netiweki inkayamba kukwawa. Pulani imene masana inkapita m'kuphethira kwa diso inkangozungulira mpaka mbandakucha. Womanga wina anafika ponena kuti akapezako wojambula wina.

Mkazi wawo chinkamuwawa ndi china. Mwana wawo wachisamba, amene pakhomo ankamutcha Dokotala chipitireni kusukulu ya zachipatala kumzinda wakutali, ankaimba foni ya kanema usiku. Ankalankhula monong'ona, kumbuyo kuli mdima, ati anzake agona. Tsopano nkhope yake inkauma pafoni, pakamwa pali yasa, mawu n'kumabwera zidutswazidutswa.

"Bambo, konzani zinthu zanuzi," anatero mayiyo. "Mwana akuwonda, ndikuona ndi maso, koma chimene akunena sindikumva."

A Mapulani anazimitsa tibokosi tonse n'kuyatsanso. Anasintha mawaya. Anaimbira akampani ya intaneti, amene anati kwawo zonse zili bwino. Pomaliza anaitana wamawaya. Iye anabwera masana, anazungulira zipinda zonse foni ili m'manja, kenako anakanda m'mutu.

"Tibokositi tili ngati anthu opatsirana zidebe pozimitsa moto," anatero. "Wapakati akatalikira, onse amachedwa. Koma tanu tili pabwino. Kamumpitaka mumakasuntha?"

"Akasunthe ndani? Tilipo awiri m'nyumba muno."

"Ndiye sindikumvetsa, bwana. Apa pakusonyeza kuti usiku kamakhala kutali ndi tinzake. Kutali ndithu, ngati kunja." Anaseka. "Kaya kamapita kokayenda."

Anaseka yekha.

Kenako zina zinayamba kusowa. Buledi ankacha atachepa, mazira chimodzimodzi. Bulangete limene linayanikidwa pakhonde silinaonekenso. Mayi wochapa analumbira kuti sanakhudze kanthu, ndipo pofuna kudziyeretsa anauza aliyense mumsewumo. Posakhalitsa kunamveka zoti m'nyumba ya a Mapulani muli choyendamo. Ena amati mwini wake woyamba anafera m'kanyumba kosungira katundu kuseri, kaja kiyi wake anasowa. Ena amati ndi tibokosito, timaitana zosaoneka. A Mapulani ankati ndi nkhambakamwa, koma anayamba kugona khutu lili tcheru.

Usiku wina anamva. Poyamba kunali kulira kwa firiji basi, ndi madzi odontha pangalande. Kenako chitseko cha kukhitchini chinalira pang'onopang'ono, ngati wochitsegulayo akuchidziwa pamene chimalirira. Mapazi opanda nsapato anayenda mumpita, akuima, akuyendanso. Panamveka kuti khethe, pulagi kuzuka pakhoma. Kuwala kobiriwira kwa kabokosiko kumene kunkalowa pansi pa chitseko chawo kunazima.

"Mwamva?" ananong'ona mkazi wawo.

"Ndi makoswe, amayi."

"Makoswe ozula pulagi?"

Kutacha a Mapulani anapeza zitseko zonse zokhoma, kabokosi kali pashelefu, kakuwala ngati sikanachimwe. Wakuba wamtundu wanji amene amaba chinthu n'kudzachibweza? Nanga mzukwa ungafune chiyani pa intaneti? Mutu unawazungulira tsiku lonse.

Usiku wotsatira Dokotala anaimba. Mayi ake anafuna kumuuza za mapazi aja, koma a Mapulani anawatsina kuti asamusokoneze mwana pamaphunziro. Ali mkati molankhula, galu wa anansi anauwa kuseri kwa mpanda. Patangopita kamphindi, galu yemweyo anauwa m'foni.

"Kumeneko kulinso galu?" anafunsa a Mapulani.

"Ndi wa kwanuko, bambo. Mawu akungobwerera."

Zinamveka zoona. Koma mvula inayamba, ndipo m'chipinda mwawo, momwe munali siling'i, inkangomveka chapansipansi. M'foni inkachita phokoso ngati miyala pamalata.

"Kukugwanso mvula?"

Nkhope inauma. Foni inaduka.

A Mapulani sanauze mkazi wawo chimene chinawalowa mumtima, chifukwa iwonso sankachidziwa dzina. Mawa lake anadikira kuti mayiyo agone, anatenga rula yachitsulo n'kukakhala m'bafa mumdima, chitseko chili chotsegula pang'ono. Anakhala mpaka msana unauma. Anayamba kudziona ngati chitsiru, bambo wamkulu kulondera kabokosi. Ndipo chitseko cha kukhitchini chinalira.

Chithunzithunzi chinadutsa pafupi moti anamva fungo la thukuta ndi zovala zonyowa. Chinawerama pashelefu, chinazula pulagi, chinakulunga waya mosamala, n'kubwerera. Anamva firiji ikutsegulidwa, kenako kiyi akutembenuka kunja. Anadikira pang'ono, anatsegula ndi kiyi wawo n'kutuluka.

Kunja kunali mdima wa ndiwe yani, udzu uli chinyezi. Pawindo la kanyumba ka kuseri panayaka kadontho kobiriwira. Anayenda chonyang'ama, rula ili m'mwamba, anakankha chitseko ndi phazi.

Pakati pa mipando yothyoka ndi matayala akale panali matiresi, bulangete lija, ndi mbale yawo ya maluwa. Pamatiresipo panakhala munthu, buledi ali kukamwa, nkhope yowalitsidwa ndi foni. Ndevu zinali zitamera, masaya atalowa.

Rula inagwa.

"Dokotala?"

"Musanditchule choncho, bambo."

A Mapulani anayang'ana mwanayo, anayang'ana khoma lakuda kumbuyo kwake, khoma limene akhala akuliona pafoni masabata onsewa. Anakhala patayala.

"Iwe suli kusukulu?"

"Anandichotsa. Ndinalephera mayeso kawiri." Mwanayo anaika bulediyo pambali. "Ndinafika pageti ndi chikwama, ndinamva amayi akuuza anzawo kuti mwana wanga akadzamaliza adzandichiza miyendoyi. Ndinalephera kugogoda. Ndinati ndigone kuno usiku umodzi, mawa ndinena. Mawa lakelo silinafike."

"Masana umakhala kuti?"

"Ndimatuluka kusanache, ndimakafuna ntchito. Usiku ndimalemba makalata ofunsira. Netiweki sifika kuno, ndiye ndimabwereka kabokosika."

"Ndiye ukamatiimbira..."

"Ndimaona nyali ya kuchipinda kwanu pawindopa."

A Mapulani anafuna kukalipa, anafuna kulira, anafunanso kuseka. Anangogwira phazi la mwanayo. Linali lozizira ngati mwala.

"Chonde musawauze amayi," anatero mnyamatayo. "Ndichoka mawa."

Asanayankhe, foni ya mwanayo inayamba kunjenjemera pabulangete. Panalembedwa kuti Amayi. Mayiyo anali atadzuka, wapeza pabedi palibe mwamuna, chitseko cha kukhitchini chili pululu, ndipo mwa mantha anaimbira munthu yekhayo amene ankamudalira.

Inalira, inalira. Mwanayo anabisa nkhope m'mawondo.

A Mapulani anaitola n'kuyankha.

"Mwanawe, bambo ako asowa!" anakuwa mayiyo. "Chinthu chija chawatenga!"

"Ndine, amayi."



"Bambo? Mukuyankha bwanji foni ya mwana? Muli kuti?"

"Kuseri kuno. Valani nsapato, kuli matope. Ndipo muyambe mwaika madzi pamoto. Pali munthu akufunika kusamba."