Tsamba la Naini la Madala Séry

Lachiwiri, cha m'ma 10 koloko m'mawa, Tanoh Kacou anakhoma chitseko cha shopu yake ya mafelemu ku Treichville mumzinda wa Abidjan, n'kumata kapepala koti wapita kukagula magalasi. Bodza. Anali mkati momwemo.

Patebulo panali masamba khumi ndi awiri a makatuni a Zokou, kondakitala wa minibasi wa pakamwa pachabechabe uja, amene tonse tinakula tikumuwerenga m'nyuzipepala ya Loweruka. Osati osindikiza ayi. Enieni, ochokera m'dzanja la Madala Séry Gnahoré mu 1986, ojambulidwa ndi cholembera cha nsonga yachitsulo choviika mu inki ya m'kabotolo.

Tanoh anayatsa babu pansi pa tebulo lagalasi. Anaika tsamba loyamba, pamwamba pake pepala latsopano, n'kuyamba kutsata mzere uliwonse ndi maka yakuda. Dzanja anali nalo galu ameneyu, tisamunamizire. Patatha masiku naini, zojambula zake zinali m'mafelemu, zenizeni zija atazibisa.

Masambawo anali a Mayi Fanta Doukouré, eni famasi ina ku Marcory. Ena amasonkhanitsa nsalu, ena ndolo zagolide. Mayiwa ankasonkhanitsa masamba enieni a makatuni. Awa anawagula kwa Madala Séry, ndipo Ozoua, mwana wamkazi wa madalawo, ndi amene anakawatula kwa Tanoh.

"Monga mwa nthawi zonse, mayi," anatero Tanoh popereka mafelemu. "Mukapachike m'kanjira kamdima kaja kunyumba. Dzuwa lisazione."

"Ndamva, achimwene."

Sanamve. Zokou ankamukonda kwambiri moti kumubisa mumdima kunawakanika. Anamupachika m'famasi, moyang'anizana ndi windo lalikulu, kuti aliyense wodzagula mankhwala aziseka.

Panatha milungu isanu ndi umodzi. Lolemba m'mawa, akutsegula, Mayi Doukouré anaima chilili. Tsitsi la Zokou linali pepo! Matayala a minibasi pepo, mawu otuluka mkamwa pepo, ngati wina wawapaka jivi.

Mayiwa ankadziwa zinthu zawo. Inki ya m'kabotolo imakhala bii mpaka zidzukulu, n'chifukwa chake tsamba lake limodzi limagula njinga yamoto. Maka imathawa ndi dzuwa, ndipo tsamba lake n'lokulungira mtedza. Pofika 11 koloko anali kupolisi, mafelemu onse ali m'galimoto.

"Nkhalamba ija yandipusitsa," anauza Inspekita Tuo Nagnon. "Yajambulanso ndi maka, zenizeni yasunga kuti ikagulitse kwa azungu. Imangeni!"

Cha m'ma 2 koloko Madala Séry analowa mu ofesi, atavala magalasi akuda, Ozoua atawagwira pamkono.

Tsono pali chinthu chimene Abidjan yense sankachidziwa. Madala Séry anali atasiya kuona zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Ankadziwa ndi Ozoua yekha. Magalasi akudawo anthu ankati ndi matama a munthu wotchuka. Akawafunsa pamsewu kuti Zokou watsopano atuluka liti, ankayankha moseka kuti ali m'njira. Mawu oti wojambula Zokou watha ankawaopa kuposa imfa.

"Madala, khalani pansi," anatero Tuo. Anakankhira felemu imodzi patsogolo pawo. "Yang'anani bwino. Ichi ndi chanu?"

Madala anaweramitsa mutu. Anayang'ana pambali pa felemuyo, pomwe panali kapu ya khofi.

"Muno muli mdima, bwana."

"Mdima? Magetsi akuyaka, windo lili yasa. Chotsani magalasiwo."

"Adokotala anandiletsa."

"Mwaonatu!" anakuwa Mayi Doukouré. "Akulephera n'kuyang'ana komwe. Manyazi! Ine ndimakutengani ngati bambo anga, kumachita kukudyetsani nsomba ndi attiéké wa chinangwa kunyumba kwanga, kodi ndikudyetsa mbava?"

Ozoua anadzuka. "Mayi, pakamwa panupo!"

"Khala pansi, chemwali," anatero Tuo. Sanasangalale nayo nkhaniyi. Ali mwana ankadula Zokou m'nyuzipepala ya bambo ake n'kumamata m'kope la masamu. Koma ntchito ndi ntchito. "Madala, ndikufunsani komaliza. Mukapanda kundiyankha zomveka, lero mugona m'chitokosi, mawa kukhoti, ndipo atolankhani akhala atafika kale. Ndani wajambula ichi?"

Thukuta linatsika m'khosi mwa madala.

"Bambo," ananong'oneza Ozoua. "Auzeni basi."

"Iwe, tseka pakamwa."

"Ndiye mukafere kundende chifukwa cha matama? Auzeni!"

Madala anakweza manja, n'kuvula magalasi. Maso awo anali oyera ngati mkaka.

"Ndi izi, bwana. Zaka zisanu ndi chimodzi. Sindingajambule ngakhale dzira. Kalembeni m'nyuzipepala zanuzo."

Mayi Doukouré anagwira pakamwa. Tuo anayang'ana pansi.

"Tsono chotsani galasilo," anatero madala. "Mundipatse tsamba la naini, lomwe Zokou akukangana ndi mayi wokazinga nthochi."

Tuo anakanula felemu ndi mpeni. Madala anayendetsa zala papepala, kuchokera pamwamba mpaka pansi, kamodzi kokha.

"Si langa ili. Lasalala ngati mbale. Cholembera changa chimalima papepala, chimasiya kangalande. Komanso ine penti yoyera yofufutira sindinkaigula, inali yodula. Ndikalakwitsa ndinkapala ndi lezala. Mayi wa nthochiyu ndinajambula mkazi wanga, malemu mayi wake wa uyu. Anati mphuno ndaikulitsa. Ndinapala. Anati yakulabe. Ndinapala katatu, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Apa palibe chilichonse."

Tuo anakweza pepalalo pawindo. Linali lofanana paliponse.

"Kuchoka m'manja mwa madala, masambawa anapita kuti?"

"Kwa Tanoh wa mafelemu," anayankha Ozoua. "Ndinakapereka ndekha."

"Tanoh ayi," anatero Mayi Doukouré. "Zaka khumi akundiikira m'mafelemu zonse zomwe ndili nazo. Munthu wosamala kwambiri. Nthawi zonse amandichenjeza kuti dzuwa lisa..."

Anasiyira pomwepo. Anakhala pampando.

"Mayo ine! Kanjira kanga konse kaja! Ndiye zonse ndinapachikamo zija n'zabodzanso?"

Nthawi ili 3:40 galimoto ya polisi inaima pakhomo pa shopu ku Treichville, madala, Ozoua ndi Mayi Doukouré ali momwemo. Tanoh anali akudya garba, attiéké wa nsomba yokazinga, pakauntala, zala zili noninoni ndi mafuta a nsomba.

"Bwana mkubwa! Tidye nawo. Mwabwera ndi chithunzi cha ukwati?"

"Samba m'manja. Tikufuna tione m'shopumu."

"Onani, onani. Ine ndilibe chobisa."

Apolisi awiri anatsegula madilowa, anagubuduza makatoni, anakwera mpaka kudenga. Palibe. Tanoh ankangotokosa m'mano.

"Tebulo ili, babu pansi n'la chiyani?" anafunsa Tuo.

"Kuonera ming'alu ya magalasi, bwana."

"Nanga maka zouma zadzaza m'binimu?"

"Ndimalembera mitengo."

Tuo anacheuka kuwindo. Panali chikatoni cha mitengo ya mafelemu, cholembedwa pamanja, chopsa ndi dzuwa. Zilembo zonse zinali pepo, pepo yemwe uja wa tsitsi la Zokou.

"Inki yako imadana ndi dzuwa, achimwene."

Tanoh anaseka, koma chotokosera m'mano chinagwa.

Ozoua anali atakhazika bambo ake pabenchi pafupi ndi khomo. Pambali pawo panali magalasi odziyang'anira, atawasanja kukhoma, okutidwa ndi makatoni, olembedwa adiresi ya ku Brussels. Ozoua anawawerenga ndi chala.

"Bwana! Alipo khumi ndi awiri. Msinkhu wake ndi wa masamba a bambo."

"Ndi oda ya kasitomala imeneyo!" anatero Tanoh. "Musakhudze!"

"Azungu magalasi odziyang'anira awathera, mpaka adzaode ku Treichville?" anatero Tuo. "Kanulani."

Wapolisi anazula misomali kumbuyo kwa galasi loyamba. Pakati pa galasi ndi thabwa panatuluka pepala lokhuthala, lachikasu ndi ukalamba. Zokou anali lende pakhomo la minibasi, ali bii ngati wajambulidwa dzulo.

Tanoh anali atagwidwa basi. Koma mbava sisowa chonena.

"Chabwino, bwana, ndinena zoona. Ndi madalawa. Anabwera okha muno, ajambula za maka zija patebulo ili ine ndikuona ndi maso angawa. Akuti zenizenizi ndiwatumizire kunja tigawane. Ine ndangokhala wantchito."

"Unawaona akujambula?"

"Ndithu, pali Mulungu! Masiku naini, mzere ndi mzere."

Madala anadzuka pabenchi. Nthawi iyi sanadikire kuuzidwa. Pakhomo panali patadzaza anthu, amayi a pamsika, madalaivala, osoka nsapato, onse owadziwa. Anatembenukira komwe kunkachokera mawu a Tanoh, n'kuvula magalasi pamaso pa onsewo.

"Bwerezanso, mwana wanga. Unandiona ndikutani?"

Gulu lonse linati haa! Mayi wina anayamba kulira.

Tanoh anayang'ana maso oyerawo, anayang'ana Tuo, kenako liwiro kulowera khomo lakumbuyo. Sanapite patali. Anapunthwa pa chimango cha felemu ya ukwati wa eni ake, n'kugwa chafufumimba m'tizidutswa ta magalasi. Unyolo unalira m'manja mwake nthawi ili 4:15.

"Mayi, ndikhululukireni!" ankalira akumukweza m'galimoto. "Ndinakuuzani kuti musaike padzuwa!"

"Unandiuzadi, chitsiru iwe," anatero Mayi Doukouré. "Ukandiuzenso kukhoti za zina zija za m'kanjira."

Anthu sanabalalike. Anangoima kuyang'ana madala, amene anali chiimire ndi magalasi m'manja, osadziwa koyang'ana. Kenako dalaivala wina wa minibasi, wadazi, anakuwa kumbuyo.

"Madala! Zokou ali m'njira kapena wapsa tayala?"

"Wapsa tayala, mphwanga," anayankha madala. "Kalekale."

"Ndiye mumabisiranji? Tikanakankha!"

Anthu anaseka, madala nawonso anaseka, misozi ikutsika.

Tuo anasanja masamba onse pakauntala kuti awalembe ngati umboni. Atafika pa la naini analikweza kudzuwa. Pamphuno ya mayi wa nthochi kuwala kunkadutsa. Analiika m'manja mwa madala.

Zala zawo zinayenda pang'onopang'ono, kudutsa minibasi, kudutsa Zokou, n'kukaima pamalo opalidwa paja.

"Ndi uyu," anatero chapansipansi. "Mphuno yakulabe."

Mayi Doukouré anagwada pansi pafumbi, ndi diresi lawo lodula lija.

"Bambo, ndinakutchulani mbava. Ndilibe mawu. Mlandu ukatha ndikagula felemu yabwino kuposa onse, ya galasi lokhuthala..."

"Enawo chitani nawo zomwe mukufuna, mwana wanga, munagula ndi anu," anatero madala. "Koma ili lokha musalitsekere m'galasi. Ndizibwera Loweruka lililonse kudzamuona."