Makumba a Esime ndi Mafuta a Zitumbuwa

Esime anaima m'mphepete mwa dziwe la sukulu. Makumba atatu anali atayandama, mimba zili m'mwamba. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuwavuula msangamsanga. Dzulo lake anali atavuula awiri.

Chinali chaka cha 1983, pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Thambani. Mlangizi wa za nsomba wochokera kuboma ku Mwanza, a Jaffu, anali atakumbitsa maiwe awiri. La anyamata ankaliyang'anira Jailosi, mnyamata wa pakamwa posapuma, la atsikana Esime. Malangizo anali osavuta: madeya m'mawa ndi masana, kuonjezera masamba a chinangwa, basi.

Koma Esime kugonja kwa Jailosi ndiye sankakufuna. Mayi ake ankakazinga zitumbuwa pamsika, ndipo mafuta akada bii ankawathira m'chitini kuti atayidwe. Mtsikanayu anaganiza monga timaganizira ambirife: wonenepa ndiye akudya bwino, ndipo chonenepetsa ndi mafuta. Kwa miyezi iwiri ankasakaniza mafutawo ndi madeya, osauza munthu. Nsomba zake zinatupadi mimba, za Jailosi zikuoneka ngati za m'chaka cha njala.

Ahedi, a Chisale, anakondwa mpaka kulemba kalata yoitana tcheyamani wa chipani kuti Lachisanu adzaone Esime akukoka khoka. Tsono lero linali Lachiwiri. Masiku amenewo mphunzitsi akachititsa manyazi mlendo wa chipani, ankatha kungosowa pasukulu, ndipo panalibe wofunsa kumene wapita.

Esime anapita kuseri kwa nthochi n'kutumbula nsomba imodzi ndi lezala. M'katimo munali mafuta okhaokha, oyera mbee, matumbo osaoneka. Chiwindi chinali chotuwa, chongonyenyeka pochigwira.

M'kalasi sanamve kanthu. Akakhala chete, Lachisanu khoka lidzatulutsa nsomba zakufa pamaso pa tcheyamani, ndipo a Chisale adzapita. Akaulula, sukulu yonse idzadziwa kuti kunenepa kumene ankadzitama nako kunali matenda. Anaganizako zothawira kwa azakhali ake ku Zobue, koma nsombazo zikanafabe iye ali komweko. Njira iliyonse inali yotseka.

Belu lowerukira litalira, anakagogoda ku ofesi. Anagwada n'kuika nsomba yotumbula ija pansi, pa tsamba la nthochi.

"Nanga ichi n'chiyani, Esime?" anafunsa a Chisale.

"Zikufa, sala. Zafa zisanu. Ndimazipatsa mafuta a zitumbuwa otsala kwa amayi."

"Mafuta a zitumbuwa! Anakuuza ndani?"

"Palibe, sala. Ndimafuna zipose za Jailosi."

A Chisale sanatenge chikwapu. Anangovula magalasi n'kuweramira patebulo. Esime anamva chisoni chachikulu, ndipo akanakonda kukwapulidwa kusiyana n'kuona zimenezo.

"Ukanabisa mpaka Lachisanu, bwenzi ana anga akudya chiyani mwezi wamawa?" anatero motsitsa mawu. "Dzuka. Ndikwera njinga kukawapeza a Jaffu."

A Jaffu anafika Lachitatu m'mawa. Anatumbula nsomba imodzi ya m'dziwe lililonse n'kuziika pamodzi, ana onse ataunjikana. Ya Jailosi inali ndi nyama yolimba ndi chiwindi chofiirira.

"Nsomba imafuna mafuta, inde, koma pang'ono, ndipo ali kale m'madeyamo," anafotokoza. "Awa opsa kangapo thupi lake limalephera kuwagwiritsa ntchito. Amangoundana pachiwindi mpaka chitopa. Za atsikanazi sizinakule ayi, zatupa. Musazidyetse masiku anayi, ndipo tsegulani ngalande madzi atsopano alowe."

Palibe anaseka, koma Esime ankamva maso onse pamsana pake.

Lachisanu amene anakoka khoka anali Jailosi, Esime ali pamzere wakumbuyo wa atsikana oimba. Tcheyamani, bambo wamimba yake ndithu, anayamikira makumba a anyamata. Kenaka analoza ndi ndodo.

"Nanga dziwe ilo? Kalata inanena za mtsikana."



"Nsomba za mmenemo zikudwala, bwana," anayankha a Chisale. "Zinadya mafuta ochuluka. Mwanayo anaona msanga n'kudzatiuza, ndipo alangizi akuzithandiza."

A Jaffu anavomereza ndi mutu. Tcheyamani anatembenukira kwa ahedi.

"Kani mafuta amadwalitsa?" anatero. Aliyense anayesetsa kuyang'ana kwina kulikonse kupatula pamimba pa tcheyamaniyo. "Chabwino. Tiyeni tikaone munda wa chimanga."

Galimoto itanyamuka, a Chisale anakhala pansi pa chitsa osasamala za buluku lawo latchalitchi. Pa makumba mazana awiri a atsikana, anapulumuka osakwana theka. Esime ankayembekeza kulandidwa dziwelo, koma ahedi anangoti, "Lolemba uyambenso kudyetsa. Ndiwe ukudziwa tsopano chimene chimazipha."

Lolemba m'mawa Esime anamupeza Jailosi kudziwe la anyamata. Anaima pambali pake.

"Jailosi," anatero, "undionetseko. Umathira madeya manja angati?"