Nyumba ya Kuseri kwa Mlatho

"Ndinu! Ndinu amene mumanditsekera khomo tsiku ndi tsiku!"

Mtsikanayo anatuluka m'kashopu kake kosokera makatani, sizasi ili m'manja, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi. Bamboyo anali atangotsika m'galimoto yake yotuwa, akuzunguza makiyi pachala.

"Pepani chemwali, sindimadziwa kuti..."

"Simumadziwa chiyani? Maso munasiya kunyumba? Makasitomala anga azikwawira pansi pa galimoto ngati amakaniko? Msewu uno munagula?"

Anthu a pasiteji ya basi anacheuka. Bamboyo m'malo mopsa mtima anaseka, mpata wa mano ake akutsogolo n'kuonekera.

"Koma ndiye kamoto! Kathupi kochepa chonchi, moto wonsewu mumausunga pati?"

"Chotsani chigalimotocho, a Mtsekakhomo, musanaone pomwe ndimausunga!"

Mayina aja anakakamira pomwepo. Mawa lake bamboyo anaimikanso galimoto pamalo omwe aja, mwadala, atanyamula katani yong'ambika ya ku ofesi kwawo. Mkuja wake anabwera ndi ina. Pofika mlungu wachitatu, Kamoto anazindikira kuti makataniwo ankang'ambidwa ndi lezala.

Anayesa kukwiya, koma kuseka kunamupitirira.

Kamoto sanaphunzitsidwe kusoka ndi munthu. Anatenga makina a malemu mayi ake, n'kumasomola makatani akale kuti aone mmene mapindo ake anayendera. Anabayidwa zala, anawononga nsalu za eni, anatukwanidwa, mpaka anadziwa. Kashopu kaja kanali thukuta lake. Mwamuna woti amusokoneze mutu anali asanabadwe, ankatero mwini wake.

Koma foni inayamba kulira.

"Kamoto wanga, wadya? Ine chakudya sichikutsika, ndikungoona nkhope yako m'mbale."

"Ndiye idyani mbaleyo."

"Ukandikalipira mtima wanga umavina. Ndikalipirenso, duwa langa."

Ndani sangafewe? Ngakhale chitsulo chimapindika chikakhalitsa pamoto.

Achemwali ake aakulu, omwe ankakhala nawo m'chipinda chimodzi cha lendi, sanasangalale nazo.

"Iwe mwana, kwawo unapondako?"

"Akuti kwadzaza abale, ndipo mayi awo amadwaladwala."

"Nanga foni yake bwanji imazima dzuwa likangolowa? Ndi ya sola?"

"Achemwali, nsanje imakalambitsa!"

"Chabwino. Ine pakamwa ndatseka, koma maso ndasiya otsekula."

Tsiku lina Mtsekakhomo anamugwira manja onse awiri m'shopu muja, pakati pa milu ya nsalu.

"Nyumba ya mumzinda muno ndi ya banja, mfumukazi singakhalemo. Ndikufuna kugula yachiwiri, kunja kwa mzinda pang'ono, yathu awiri. Tauni yake usankhe ndiwe. Komwe uloze chala, ine ndikagula."

Kamoto anamuyang'anitsitsa. Iye amene anakulira m'nyumba za lendi, wozolowera kusamutsidwa ngati katundu, lero asankhe tauni? Usiku anakumbatira pilo mpaka achemwali ake anamufunsa ngati wadwala malungo.

Anayamba kuyendera matauni Loweruka m'mawa, pakuti Lamulungu bamboyo sankapezeka.

Yoyamba inali ya kunjira ya kumafakitale. Maminibasi mbwee, madzi osasiya pampopi, nyumba zotsika mtengo.

"Kuno ndingathe kumapita kushopu m'mawa n'kubwerako madzulo," anatero Kamoto.

"Utsi, mtima wanga. Komanso anzanga a kuntchito adzaza kuno. Azidzatigogodera m'mamawa kupempha lifiti."

Yachiwiri ndiyo inamulasa mtima. Inali ndi msika waukulu, chipatala, sukulu yokhala ndi mitengo ya mthunzi, ndi mizere ya nyumba zatsopano zomwe zinali zisanavekedwe kanthu m'mawindo.

"Taonani mawindo onsewa ali maliseche! Kuno ndingasoke mpaka makina kutentha! Tsikani tione, a Mtsekakhomo!"

Koma bamboyo sanatsike. Anavala chipewa, anachikokera kumaso, n'kutsetserekera pansi pampando ngati mwana wothawa jakisoni.

"Mutu ukundiwawa. Kuno ayi, phokoso lachuluka. Tiye."

Yachitatu inali kuseri kwa mlatho, komwe phula limathera. Minibasi inkafikako mwa apo ndi apo. Madzi ankabwera m'mawa mokha. Kunali zii, ngati kumanda. Ejenti wa nyumba anawatsekulira geti lachitsulo lopanda ndi kabowo komwe, mpanda wake wautali, pamwamba atamatapo magalasi osweka.

Mutu wa bambo uja unapola nthawi yomweyo. Za denga sanafunse, za madzi sanafunse. Mafunso ake anali ena.

"Galimoto ikalowa umu imaoneka kunja? Nanga njira ina yobwerera mumzinda ilipo, yosadzera kumsika kuja?"

Kamoto anaseka. "Inu amene mumaimika galimoto pakhomo pa eni ake, lero mukufuna kuibisa?"

"Akuba, duwa langa, akuba."

"Nanga kuno makatani andigula ndani? Mbuzi?"

Bamboyo anamukokera pachifuwa, m'chipinda chochezera chopanda ndi mpando womwe.

"Wavutika kokwanira. Uzisokera ine ndekha. Nyumba iyi ndi yako, Kamoto. Khomo ili palibe amene adzakutsekere, ndalumbira. Tikangolowa, ndikupita kukaonekera kwa abale ako. Ndiye tandiuza, wasankha tauni iti?"

Kamoto anayang'ana mpanda uja. Anakumbukira mawindo a kumsika. Kenako anayang'ana mpata wa mano uja.

"Ino."

"Waonatu! Wasankha wekha."

Kusankha kwake n'kumeneko? Munthu akakutsekera makomo awiri n'kukusiyira limodzi, ukatulukira pomwepo akuti wasankha?

Kamoto anayeza mawindo onse tsiku lomwelo. Atabwerera anauza amene ankamubwereketsa malo a kashopu kaja kuti akusamuka, ndipo sabata isanathe wogulitsa mafoni anali atakhomamo kale mashelefu ake. Makina anakawaika pakona kwa achemwali. Anatenga nsalu yomwe ankaisunga osaigulitsa, yobiriwira, yolemera, ya maluwa agolide m'mphepete, n'kuyamba kusoka makatani a nyumba yake. Yake! Mpendero uliwonse anaubwereza kawiri.

"Shopu wapereka, mwamuna kwawo sukudziwa," anatero achemwali. "Ukagwa udzagwira chiyani?"

"Sindigwa."

Lachitatu lina anamanga makatani aja m'chimtolo, osamuuza bamboyo. Ankafuna kuti Loweruka akadzabwera adzapeze nyumba itavala. Makiyi ankati akapempha kwa ejenti. Anadikira minibasi mpaka miyendo kuwawa, anatsika pamlatho, n'kuyenda wapansi mtolo uli pamutu.

Geti analipeza lotsekula.

M'chipinda chochezera munali mayi wina wooneka wofatsa, wovala diresi ya kuntchito, choko chitamuyeretsa m'manja. Kamtsikana kakang'ono kankathamanga m'zipinda, kakukuwa kuti kamve mawu ake akubwerera.

"Odi..." anatero Kamoto.

"Eee, lowani, lowani! Musandiuze, ndadziwa kale. Ndinu a lendi athu aja! Tulani mtolowo, mwatopa. Iwe, dzapereke moni kwa anti!"

Kamwana kaja kanabwera, kanagwada pang'ono, n'kumwetulira. Mano ake akutsogolo anali ndi mpata.

Kamoto anagwira khoma.

"Bambo a kunyumba anandiuza zonse," mayiyo anapitiriza. "Akuti apeza mtsikana waulemu, wosoka, wosakwatiwa, wopanda phokoso. Ine nyumbayi ndinali ndisanaione n'komwe, ndiye lero ndati ana akangoweruka ndikatenge makiyi kwa ejenti. Nanga ngongole ya kubanki ili m'dzina langa, azidula pamalipiro anga, ndisaone chomwe ndikulipira?"

Wopanda phokoso! Kamoto, amene ankazunguza siteji yonse ya basi ndi pakamwa pake, anafuna mawu koma sanawapeze.

"Kunena zoona, mng'ono wanga, ine kuno sindinkakufuna. Ndinkafuna tauni ya kumsika ija. Kuli achimwene anga, nyumba yawo ili pamsewu penipeni, akanamationera. Koma bambowa anakanitsitsa, akuti wa lendi wasankha yekha kuno, amakonda kwa phee. Inu mumakondadi kuno? Madzi ovutawa?"

"Ndi... ndinasankha ndekha."

"Basi, zili bwino. Lendi akuti azidzatolera okha Loweruka, ine ndisamavutike ndi ulendo. Amandimvera chisoni bambo amenewa."

Foni inanjenjemera m'thumba. Kamoto anaitulutsa.

"Duwa langa, lero usayerekeze kupita kunyumba kwathu kuja, akupopera mankhwala a tizilombo. Ndili pamsonkhano. Ndakusowa ngati mpweya."

Anawerenga kawiri. Tizilombo!

Mayi uja anali atamasula kale mtolo. Anatambasula katani imodzi, n'kuisisita ndi chikhatho.

"Mayo ine, kukongola! Mwasoka nokha? Taonani mpenderowu! Ndiye mwakwanitsa bwanji kuyeza ndendende chonchi? Bwerani ndikuthandizeni kupachika, bambo akubwera kudzatitenga, ndawaimbira. Adabwa kumva kuti ndili kuno, mpaka mawu kuwathawa. Ndipo kwathu mumzinda makatani anatha kalekale, ena anachita kusowa osadziwika komwe anapita. Mudzatisokere, eti?"

Makatani aja ong'ambidwa ndi lezala! Si a ku ofesi?

Kamoto anakwera pa chidebe cha penti. Mayiyo ankamupatsira ngowe imodziimodzi, akumufotokozera za ana a m'kalasi mwake, za mwana wamkulu amene ali ku sekondale, za mwamuna wake amene masiku ano ntchito yamuchulukira mpaka Loweruka. Kamoto ankangokoleka. Misozi inkagwera pa maluwa agolide aja, iye n'kumanamizira fumbi.

Akanamuda mayiyu zikanapepuka. Koma umuda bwanji munthu amene akukugwirira chidebe kuti usagwe?

Ndipo maganizo ena oipa anamubwerera. Shopu palibe. Kwa achemwali kuli kakona ka makina ndi mawu akuti "ndinakuuza". Atangotseka pakamwa lero, nyumba iyi agonamo. Mpanda wautali, geti lopanda bowo, mwamuna wa Loweruka m'mawa. Azidzatchedwa wa lendi, mphunzitsi uyu akudulidwa malipiro mwezi ndi mwezi kulipirira bedi lomwe mwamuna wake akugonapo ndi wina. Akangokhala chete basi. Chete yekha.

Panja panamveka galimoto. Inaima mopingasa pageti penipeni, mwachizolowezi chake.

"Adadi! Adadi abwera!"

Analowa akupukuta thukuta, mwana atamukakamira pamwendo. Anaona mkazi wake. Anaona makatani obiriwira. Kenako anaona amene anaima pachidebe, ndipo makiyi anagwa pansi.

"Bambo a mwana, mwawaona a lendi athu? Taonani ntchito ya manja awo!"

Bamboyo anayang'ana Kamoto. Maso ake ankapempha, ankachonderera, ankalonjeza nyumba zina khumi.

"Muli bwanji... chemwali?"

Chemwali! Duwa lija lafota liti? Kamoto uja wazima liti?

Kamoto anatsika pachidebe pang'onopang'ono. Anagwira kamwana kaja paphewa.

"Nana, pita ukaone ngati kuseri kuli maluwa."

Mwana atatuluka, anatsekula foni yake n'kuiika m'manja mwa mayi uja, m'manja moyera choko muja.

"Werengani, mayi. Muyambire pamwamba. Mundikhululukire, ine sindimadziwa, koma kusadziwa kwanga kwathera pano."

"Kamoto, tadikira, tikambirane panja..."

"Kamoto?" anafunsa mayiyo motsitsa mawu, maso ali pafoni. "Mumamuitana dzina lotere?"

"Panja sindipita!" Mawu aja anabwerera onse, mpaka zipinda zopanda kanthu zinayankhira. "Munandibisa kokwanira! Munanditsekera khomo la shopu, ndinaseka. Munanditsekera tauni ya kumafakitale, munanditsekera ya kumsika, munati ndasankha ndekha. M'shopu yanga mukugulitsidwa mafoni, makina a mayi anga ali pakona ngati zinyalala. Mayi awa akudulidwa malipiro kuti inu mupeze pobisa galimoto! Ine ndituluka muno wopanda kanthu, ndikudziwa, ngakhale makataniwa sindiwafunanso. Koma simusuntha phazi musanayankhe."

Mayi uja anakhala pansi, pasimenti, foni ili pamiyendo, chala chikutsitsabe mauthenga. Sanalire. Anangokweza maso n'kuyang'ana mwamuna wake.

Kamoto anakaima pakhomo, natambasula manja onse awiri kugwira mafelemu.

"Lero wotseka khomo ndine. Munati nyumba iyi ndi yanga, awa munawauza kuti ndi yawo. Tonse tili pano, a Mtsekakhomo, makutu ali anayi. Ineyo ndine ndani m'nyumba muno? Yankhani!"