Tina Wasamba Batala

Tina ankakhala ku Msongwe, mumzinda wa Mzuzu. Tsiku lina kwawo ankayembekezera mlendo. Mlendoyo anali anti Rachael. Tina ankafuna kuti anti amupeze atasamba bwinobwino. Koma kubafa kunalibe sopo.

Tina anayang'ana pawindo. Sopo panalibe. Anayang'ana m'beseni. Sopo munalibe. Kenako analowa kukhitchini. Patebulo panali kanthu kokulunga m'pepala. Kanali kachikasu. Kanali kolimba, poti kunja kunkazizira.

"Sopo watsopano!" anatero Tina.

Anathamangira kubafa. Anapaka m'manja. Thovu silinatuluke. Anapaka m'miyendo. Thovu silinatuluke. Anapaka kumaso ndi m'mutu momwe. Thovu osatuluka ndithu! Kanthu kaja kanatha, koma Tina ankangoti waliwali.

Atatuluka, mphaka anabwera. Anamununkhiza. Kenako anayamba kumunyambita mwendo.

"Choka, pusi! Ine si chakudya!"

Nthawi yomweyo amayi anafuula kukhitchini. "Batala wanga ali kuti?"

"Batala n'chiyani, amayi?" anafunsa Tina.

Amayi anamuyang'ana Tina. Anayang'ana mphaka. Anamugwira Tina pamkono, mkono n'kupulumuka. Anamugwira paphewa, phewa n'kupulumuka.

"Mwana iwe! Wasamba batala!" anatero amayi. "Batala amapangidwa ndi mkaka. Timapaka pa buledi, osati pa munthu. Ndinakatenga kwa a Misheck kuti anti ako alawe."

Tina anayamba kulira. "Ndiye anti adya chiyani?"

"Tonthola. Tiye tikayese mwayi."

Amayi anabwereka sopo kwa aneba. Tina anasambanso. Ulendo uno thovu linatuluka lambiri.

Kenako anapita kwa a Misheck, kunja kwa tauni. A Misheck ankaweta ng'ombe zamkaka.

"Monire, mama!" anatero a Misheck.

"Yewo, adada. Batala alipo?"

"Pepani chomene. Watha m'mawa."

Tina anayambanso kulira. A Misheck atamva nkhani yonse, anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Usalire, mwana wanga. Wina upanga wekha."

Anatenga botolo loyera bwino. Anathiramo mkaka wonona, wa pamwamba uja. Anatseka zolimba.

"Khutchumula," anatero.

Tina anakhutchumula. Khutchu, khutchu, khutchu!

"Wapangika?"

"Ayi. Khutchumulabe."

Khutchu, khutchu, khutchu!

"Wapangika?"

"Ayi. Khutchumulabe."

Manja a Tina anatopa. Ndiye anakumbatira botolo n'kuyamba kudumpha. Anadumpha uku. Anadumpha uko. Kudumpha kuja kunasanduka gule. A Misheck anawomba m'manja. Amayi anamanga chitenje m'chiuno. Onse anavina. Ng'ombe inasiya kudya udzu n'kumangowayang'ana.

Mwadzidzidzi botolo linasintha kulira. Phwa, phwa, phwa!

Tina anasuzumira. Munali chibuma chachikasu.

"Batala! Amayi, batala!"

A Misheck anakhetsa madzi ake. Anamutsuka batalayo m'madzi ozizira. Anathira kamchere pang'ono.

"Yewo chomene, adada," anatero Tina.

Atafika kunyumba, anapeza anti Rachael atakhala pakhonde. Amayi anafulula tiyi. Anatenga buledi ndi mbatata yotentha. Tina anaika batala pa mbatata yake. Batala anasungunuka n'kuyenderera m'zala. Tina analuma. Anatsinzina. Analumanso.

"Wafewa bwanji! Wakoma bwanji!"

Anti Rachael nawo analawa. Anatenganso buledi wina.

"Batala wotere sindinamudyepo. Wapanga ndani?"

"Ine, anti."

"Iwe? Wapanga bwanji?"

"Ndavina."

Anti anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu. "Akunena zoona. Inenso ndavina nawo."

Anti anaika kapu pansi. Anavula nsapato. Anaimirira.

"Tina, ndiphunzitse guleyo msanga," anatero. "Kwathu buledi timadya wouma!"