Tsiku Limene Makompyuta Onse Anadzuka

"Kuchokera ku Lizulu mpaka ku Sharpevale, palibe angandigwire pa nkhani ya makompyuta," anatero Maynard Kachigamba ali pa chiwaya cha pa Boma, mafuta a chipisi ali mbuu kukamwa. "Kenelo imandimvera ine. Ndikati khala pansi, imakhala."

Anzake anaseka, osadziwa kuti kenelo ndi nyama yanji.

Maynard ankasamala makina pa sukulu ya makompyuta ya Mayi Christobel. Kompyuta yeniyeni inalipo imodzi yokha, seva, mphatso ya bungwe lina lachifundo. M'mimba mwa sevayo munkakhala makompyuta ongoyerekezera, wophunzira aliyense yakeyake, iye n'kumangoona sikirini ndi kiyibodi. Wogawira onsewa memole, malo amene kompyuta imaganiziramo, ndiye kenelo, pulogalamu yaikulu ya makinawo, ngati mkulu wogawa madzi ku sikimu ya mpunga. Timapulogalamu ting'onoting'ono, totchedwa madalaiva, timayamba tapempha kwa iye.

Loweruka lina masana Maynard anatsegula seva, n'kuzula timatabwa ta memole, kusiyamo kamodzi. Anakatigulitsa ku Lizulu. Pobwerako anatsegulira dalaiva wake khomo la kenelo kuti azidzitapira yekha memole osapempha. Dalaivayo ankalanda kwa makompyuta ogona n'kupatsa odzuka. Ukamufunsa, ankalumbira kuti memole ndi yodzaza.

Zinayenda, poti ophunzira sankabwera onse tsiku limodzi. Wina ku maliro, wina kokumba mbatata, wina wathawa fizi. Koma Maynard mtendere analibe. Mlonda wa pa sukulupo akamupatsa moni wautali, ankayesa kuti wadziwa.

"Makinawa akuchedwa bwanji masiku ano?" Mayi Christobel anafunsa tsiku lina, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndi chisanu cha Juni, madamu. Nawonso amazizidwa."

"Eti?" anatero mayiwo, osachotsa maso.

Lachinayi kunkabwera alendo a bungwe lija. Maynard atafika m'mawa anapeza mpando uliwonse uli ndi munthu: akabaza, amayi a kwaya, ogulitsa tomato. Madamu anabwereka anthu kuti kalasi ioneke yodzaza, monga amachitira aliyense woyembekezera alendo.

"Madamu, anthuwa satha kompyuta," ananong'ona.

"Kuyatsanso satha? Alendo saona mipando yopanda anthu pa sukulu panga."

Alendo atangolowa, makompyuta onse anadzuka pamodzi. Dalaiva anafunafuna wogona woti amulande, osamupeza. Seva inalira ngati minibasi pa chitunda, masikirini onse bii! Mayi wina wa kwaya anaomba m'manja, kuyesa ndiye phunzirolo.

Mkulu wa alendowo anati akabweranso n'kupeza zomwezi, seva apita nayo.

"Ndi akuba a pa intaneti, a ku Mozambiki," Maynard anauza Sajenti Obed Mbvundula, wapolisi amene madamu anaitana masanawo.

"Tsegulani bokosilo, achimwene," anatero Sajenti.

Maynard anatsegula. Malo a memole anali ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

"Akuba a pa intanetiwo amayenda ndi sikuludalaiva?" anafunsa Sajenti. "Makiyi a chipinda chino ali ndi ndani?"

"Ine, madamu, ndi mlonda. Koma mlondayo, bwana, posachedwapa wagula wailesi."

Sajenti anangogwedeza mutu. Anakokera madamu pambali, n'kunong'onezana nawo, iye n'kumapita. Maynard anapuma. Umboni panalibe.

Mawa lake madamu anauza akabaza aja kuti alengeze paliponse: sukulu ikufuna memole mwachangu, mtengo si nkhani. Kabaza sasunga mawu. Loweruka m'mawa anatulukira Fanizo, wokonza mafoni ku Lizulu, atanyamula kajumbo. Sajenti anali atakhala pakona, atavala zovala wamba, akudya nthochi. Maynard anati azembere kuchimbudzi.

"Khalani pompo, katswiri," anatero madamu. "Mutiyesere katunduyu."

Maynard anatenga katabwa kamodzi n'kukatembenuza. Kumbuyo kwake kunali kadontho kofiira.

"Kyuteksi wanga wa m'zikhadabo uyu," anatero madamu. "Mbale zanga zimapita ku maliro mpaka ku Balaka, koma zimabwerako, chifukwa chilichonse changa ndimadontheza. Tsiku limene seva inafika ndinauza oibweretsa kuti aitsegule."

Fanizo anaponya kajumbo patebulo ngati kakuotcha.

"Ine ndinagula, mayi! Anandiuza kuti n'za malemu amalume awo!"

"Ndani?" anafunsa Sajenti, akutaya khoko la nthochi.

"Si awa? Achimwene a Maynard, tanenani!"

Sajenti anatulutsa unyolo n'kulunjika pa Maynard.

"Galimoto yathu ilibe mafuta, ndiye tiyenda wapansi," anatero. "Njira ya ku polisi mukuidziwa, ndi yodzera pa chiwaya."